Dzanja Langa Lamanzere

Ambuye alemekezeke, abale anga. Khalani pansi, musavutike ndi kundiombera m'manja. Ndinaomberedwa m'manja kokwanira pa moyo wanga, ndipo sizinandithandize kanthu. Dzina langa ndine Tamara, ndimakhala ku Kanyama. Abusa atandipempha kuti ndibwere kuno ku Matero ndidzalankhule nanu, ndinawauza kuti ine sinditha kulira pa maikolofoni ngati mmene ena amachitira popereka umboni. Iwo anati bwerani choncho. Ndiye ndabwera choncho. Ndilankhula m'chinenero cha amai anga cha ku Katete, a m'tauni mundipirire.

Ntchito yanga ndi kuimba chelo ndi kupeka nyimbo. Ndikuona ena mukuyang'anana. Chelo ndi chija ku komboni amachitcha chigitala chachikulu. Chili ndi zingwe zinayi, umachiimika pansi, n'kuchikumbatira ndi mawondo uli pampando. Dzanja lamanja limagwira uta, kamtengo kokhala ndi ubweya wa kumchira kwa hachi, n'kumakhwekhweza zingwezo. Koma losankha mawu a nyimbo ndi lamanzere. Zala zinayi izi zimakanikiza chingwe, ndipo palibe mzere wokuuza pokanikiza ngati pa gitala. Chala chimadziwa chokha, chimamva. Ukaphonya pang'ono chabe, ngakhale munthu wosadziwa nyimbo amakwinya nkhope. Nkhani yanga ndi ya dzanja limeneli.

Chelo ndinachipeza kusukulu ya mishoni, komwe sisitere wina wokalamba ankaphunzitsa nyimbo. Anzanga analimbirana tizoimbira tating'ono toika paphewa. Ine, poti ndinali wamtali, anandipatsa chotsala. Tsiku limene amai anandiona koyamba ndikuimba m'tchalitchi, bondo uku bondo uku pamaso pa akuluakulu a mpingo, anatsala pang'ono kugwa pabenchi. Sanandikalipire. Anakwera minibasi kupita ku Kamwala, anagula zitenje ziwiri, n'kundisokera chisiketi chofika mpaka kuzala za kumapazi.

"Imba tsopano, mwanawe," anatero. "Zako zabisika."

Bambo ndinalibe, tinali awiriwiri. Amai ankagulitsa repu, impwa ndi tomato pamsika wa kwathu. Tebulo loyandikana ndi lawo linali la Bana Mwape, mayi wa Chibemba wochokera ku Kasama, wogulitsa kapenta ndi nyemba. Mukudziwa nonse kuti ife akum'mawa ndi Abemba ndife achimbuya: timatukwanana mosekana, iwo amati timadya mbewa, ife timati amadya anyani, ndipo mmodzi akamwalira, winayo ndi amene amagwira ntchito pamaliro. Azimayi awiriwa ankanyozana kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Mlendo akanaganiza kuti ndi adani, koma chakudya cha masana ankadya mbale imodzi.

Zinthu zinandiyendera, sindinama. Nditamaliza sukulu ndinalowa kagulu ka oimba anayi kamene ankatsogolera Ba Sitali, bambo woimba piyano, wosaseka wamba. Tinkaimba m'mahotela, pamaukwati a anthu apamwamba, m'minda ya akazembe. Koma chimene chinanditchukitsa ndi nyimbo zopeka ndekha. Ndinkakhala pasiteshoni n'kumamvetsera mmene anyamata oitanira minibasi amakokera mawu, mmene amai a pamsika amaitanira malonda, mmene mayi wa m'komboni amayambira kulira akangofika pageti la nyumba ya maliro. Zonsezo ndinkazilemba kuti chelo chizilankhule. Apamwamba ankati n'zatsopano. Ine ndinkaseka mumtima, poti ku Kanyama timazimva ulere tsiku lililonse.

Dzinja lina anatiitana kunja, kudziko lozizira, kuti tikaimbe nyimbo zangazo. Kuno mvula inali itavuta, Kanyama yense ali m'madzi, zimbudzi zitasefukira. Chotsatira mukuchidziwa. Kolera inawagwira amai m'mawa, dzuwa la mawa lake sanalione. Bana Mwape anandiimbira foni ndili m'chipinda chovalira, anthu akulowa kale m'holo.

"Tamara, mwana wanga, amako batisiya."

"Nibwela na ndeke ya mailo," ndinayankha.

"Uthamangile chani? Banabaika kudala ku manda. Ba kanso banabatenga mu pulasitiki, sibanalole na munthu mmodzi kugwilako. Maliro baletsa. Kulibe tenti, kulibe moto, kulibe vili vonse."

A khonsolo sindiwaimba mlandu, ankateteza amoyo. Ndinaika foni m'chikwama. Ndinadikira kuti chinachake chichitike m'kati mwangamu, koma kunali zii. Ba Sitali anagogoda pachitseko kuti nthawi yakwana. Sindinawauze kanthu. Ndinatuluka, ndinakhala pampando, ndipo ndinaimba bwino kuposa tsiku lina lililonse. Anthu anaimirira. Ine ndinkayang'ana manja awo akuombana ngati ndikuonera pa wailesi ya kanema yotsitsidwa mawu.

Nditabwera ndinapeza nyumba yokhoma, ikununkha mankhwala opopera. Panalibe mphasa, panalibe phulusa la moto wa azibambo panja. Anansi ankabwera mmodzimmodzi kudzandipepesa, maso awo ali pankhope panga, kudikira. Ndinayesetsa, abale. Ndinakwinya nkhope, ndinakumbukira mawu a amai, ndinanunkhiza chitenje chawo. Palibe chinatuluka. Kumanda ndinaima pafupi ndi mulu wa dothi ngati munthu wodikira basi. Ndinamva mayi wina akunong'oneza mnzake kuti ana oyenda m'ndege amakhala ouma mtima, ndipo wina anawonjezera kuti mwina ulendowo ndinaugula ndi moyo wa amai. Ndinamva zonse, ndipo ngakhale zimenezo sizinandiwawe.

Mowa sindinauyambe chifukwa chofuna kuiwala. Ndinauyamba chifukwa chofuna kumva. Ndinkaona anthu oledzera akulira pa zinthu zopanda pake, ndiye ndinati mwina nanenso unditsegula. Ndinayamba ndi kapu imodzi ya vinyo tikamaliza kuimba. Kenako kapu tisanayambe. Kenako timabotolo ta pakantemba, kagolosale ka m'mbali mwa msewu, tobisa m'bokosi la chelo, m'kathumba kosungiramo utomoni wopaka pa uta. Sunanditsegule. Unkangofupikitsa tsiku, ndipo ine ndinaona kuti tsiku lalifupi ndi labwinoko.

Kutsetsereka kwake sikunachedwe. Ndinayamba kujomba kokonzekera. Nyimbo yatsopano sindinapekenso ngakhale imodzi. Paukwati wina wa anthu olemera, mkwatibwi ali pakati pa njira kulowa, ndinangosiya kuimba, uta uli m'mwamba, n'kumayang'ana maluwa. Ba Sitali anaphimba ndi piyano mpaka mapeto. Panja anandiuza mwaulemu kuti, "Pitani mukapumule, Tamara. Mukabwele mukakhala bwino." Ndinati zikomo. Chipinda cha lendi cha m'tauni ndinachisiya, ndinabwerera m'nyumba ya amai. Chelo ndinachiponya pamwamba pa wadirobu. Vinyo anatha, panabwera tujilijili, timapaketi tija ta mowa waukali, kenako kachasu wa kuseri kwa msika. Za amuna amene ndinadzuka nawo osawadziwa dzina sindilowamo, amai muli muno mukudziwa zimene ndikunena. Kudya ndinkadya ndikakumbukira. Nthawi zambiri ndinkagona pomwe ndagwerapo, pasimenti, mkono uli kunsi kwa thupi.

Dzanzi linayambira kumapazi. Tsiku lina ndinafika kunyumba ndi patapata mmodzi, winayo sindinamve pomwe anavukira. Kenako linakwera kuzala. Batani la bulauzi linkandivuta, machesi ankandipulumuka. Munthu woimba chelo akaona zimenezo amayenera kuthamangira kuchipatala akukuwa. Ine ndinayang'ana dzanja langa, ndinati, oo, layamba kufa, n'kupita kukagula botolo lina. Ngati pali wina muno amene wafika poona chinthu chake chikuwonongeka iye osamva kanthu, ndikulankhula ndi inu. Pamenepo ndi poopsa kuposa polira.

Zinatha zaka zingapo choncho. Bana Mwape ankabwera ndi kambale ka chakudya, ine ndinkakhoma chitseko n'kukhala chete mpaka atope. Koma m'mawa wina ndinaiwala kukhoma. Ndinali nditakhala pakhomo la kuseri, nditakoleza malasha pambaula kuti nditenthetse madzi, n'kungoyang'ana khoma la anansi. Ndinamva mawu a Bana Mwape akuchokera m'nyumba.

"Imwe ba ku Katete, mwayamba kuocha mbeba kuseniseni? Fungo yafika mpaka ku msewu!"

Anatulukira akuseka, ndipo kuseka kuja kunaduka. Anataya kambale, n'kundikoka mkono mwamphamvu. Dzanja langa lamanzere linali litatsamira pamkombero wa mbaula. Fungo limene anamva linali la zala zanga.

Anandiviika dzanja m'ndowa ya madzi. Khungu la kunsonga linali litayera, litatukusira. Tonse tinaliyang'ana.

"Sumvela?" anafunsa.

"Sinimvela."

"Kuyambila liti?"

"Kaya."

Sanandilalikire. Anang'amba nsalu yoyera, anandimanga chala chimodzichimodzi. Kenako analowa m'nyumba n'kuyang'anayang'ana. Chitenje cha amai chinali chikadali pamsomali, nsapato zawo za kutchalitchi zili pansi pa bedi, beseni lawo la tomato lili kuseri kwa chitseko.

"Ine nili na mulandu na amako," anatero. "Zaka zonse zija tinapangana ati uzayamba kufa, munzake azamutukana bwino pa maliro. Anayenda sininamutukane. Na iwe sininakuthile unga. Nyumba iyi ikalibe kulila, Tamara. Pa Chibelu usachoke."

Ndinavomera kuti achoke msanga. Loweruka lake ndinali nditaiwala.

Dzuwa litangokwera ndinamva kulira kuchokera kumsewu, kulira kwenikweni kwa maliro, kuja kumayambira m'mwamba n'kumatsika. Ndinasuzumira pawindo kuti ndione kwafa ndani. Anali azimayi a pamsika, odzaza kanjira konse, atamanga zitenje ndi maduku, Bana Mwape ali patsogolo manja ali kumutu, akulunjika pakhomo panga. Anansi anatuluka.

"Afa ni ndani?"

"Amake Tamara!"

"Si banafa kudala baja?"

"Banafa kudala, koma tilila lelo!"

Anachita zonse monga mwa mwambo. Azibambo awiri anatulutsa mipando, tebulo ndi bedi kuti azimayi akhale pansi. Atanyamula matiresi, timabotolo timene ndinkabisa pansi pake tinagubuduka pasimenti, tambirimbiri, mpaka tina tinakafika pamapazi a amai a chigwirizano cha kutchalitchi. Mayi wina wa Chibemba anawerama, n'kuyamba kutitolera m'chitenje.

"Mwaona? Mbeba za ku Katete zimwa na kachasu," anatero.

Anthu anaseka, misozi ili m'masaya, ndipo nkhani ya mabotolo inathera pomwepo. Anandikhazika pakona, pamalo a namfedwa. Bana Mwape anabwera ndi mbale ya ufa, n'kundipaka kumaso, kumutu, m'khosi, monga achimbuya amachitira. Kenako anaima pakati n'kuyamba kutukwana amai anga. Anati anali wakuba makasitomala. Anati tomato wawo anali wamng'ono ngati maso a nkhuku. Anati anathawa dala nthawi ya kolera kuti Abemba asadye nyama pamaliro awo. Pofika pakati mawu awo anasweka, anagwada, n'kulira ngati mwana. Azimayi onse anatsatira. Ena ndithu ankalira awo amene anaikidwa mofananamo dzinja lomwe lija, poti maliro n'kulirana.

Ndikudziwa mukudikira kuti ndinene kuti pamenepo ndinalira. Ayi. Ndinakhala pakona paja, woyera ndi ufa, mutu ukuwawa ndi matsire, ndikuganiza ngati m'timabotolo tija munali kena kotsalira. Ndikunena zoona pamaso pa Mulungu.

Kulira kutatsika, Bana Mwape anapukuta kumaso n'kuloza pamwamba pa wadirobu.

"Tsitsani mwamuna wake uyo." Ndi mmene ankachitchulira chelo, poti ndinkachikumbatira. Anachiika patsogolo panga, bokosi lili mbuu ndi fumbi. "Imbila amako."

"Siningakwanise. Vikumo vinafa," ndinatero, ndikuonetsa dzanja lomangidwa lija.

"Nanga iyi inafa?" Anandimenya padzanja lamanja.

Nalonso linali ndi dzanzi, koma lotha kufumbata. Ndinaona kuti kukangana ndi mayi ameneyu n'kotopetsa kuposa kumvera. Anandibweretsera mpando umodzi m'nyumba. Zingwe zinali zitakhwefuka, ndinazikunga movutikira, mayi wina akundigwirira. Ndinapaka utomoni pa uta. Popanda dzanja lamanzere, chelo chili ndi mawu anayi okha, chingwe chilichonse liwu lake. Ndinasankha chingwe chachikulu, cha liwu lapansi kwambiri, n'kukoka uta pang'onopang'ono. Kupita, kubwera. Liwu limodzi lomwelo.

Mayi wina wa kwaya anang'ung'udza mpaka anapeza pomwe liwu langa linali, n'kuyambitsa nyimbo ya maliro pamwamba pake. Ena analowa, wina pamwamba, wina pakati. Ine ndinangokhala pansi pawo ndi liwu langa limodzi, kupita, kubwera.

Chelo chimatsamira pachifuwa, apa, pafupa la pakati. Chingwe chachikulu chikalira, thabwa lonse limanjenjemera. Patapita kanthawi ndinazindikira kuti ndikumva kunjenjemera kumeneko m'fupa ndi m'mawondo. Sichinali chisoni, musandimve molakwa. Kunali kunjenjemera chabe. Koma kanali koyamba pa zaka zonsezo kuti chinthu chichokere kunja n'kundifika m'kati.

Kenako nyimbo inafika pomwe imakwera. Khutu langa linadziwa liwu lotsatira, linadziwa pomwe chala chiyenera kutera kuti ndikwere nawo limodzi azimayiwo. Dzanja lamanzere linanyamuka lokha pabondo, linafika pachingwe, n'kukanikiza. Panatuluka phokoso lonyansa, lophonya kutali. Sindinamve ngakhale chingwe pansi pa nsalu. Azimayi anakwera okha, ine ndinatsala.

Pamenepo ndinachita mantha. Mantha enieni. Ndinayang'ana dzanja lija ndipo ndinalifuna. Ndinafuna kuti libwerere, ndinafuna kukwera nawo nyimbo ya amai anga, ndipo sindikanatha. Munthu amene wakhala zaka osafuna kanthu, tsiku limene wafuna chinthu amanjenjemera. Nyimbo itatha ndinaitana Bana Mwape n'kuwanong'oneza.

"Nipelekeni ku kiliniki."

"Pa Mande kuseni," anayankha. "Lelo ukagona kwanga."

Tsopano mvetserani bwino, poti apa ndi pomwe pali zokuthandizani. Kukiliniki ndinanena zoona zonse: chimene ndinkamwa, kuchuluka kwake, kuyambira liti. Musamachepetse, adokotala si abusa kuti muwachitire manyazi. Anandibaya ndi kasingano kunsonga za zala ndili chitsinzinire, ine osadziwa kuti ayamba. Anandiuza kuti mowa ndi kusadya zinadya mitsempha, ndipo kugonera mkono pasimenti kunawonjezera. Ndinafunsa ngati zala zidzabwerera. Anati mitsempha imachira pang'onopang'ono, ina siichira, ndipo sangandilonjeze kanthu. Chimene akanandilonjeza n'chakuti ndikapitiriza kumwa, ndidzataya ndi kuyenda komwe. Anandichenjezanso kuti munthu womwa ngati ine asasiye yekha m'nyumba, kunjenjemera kwake kumatha kupha. Anandigoneka masiku angapo, anandipatsa mankhwala ndi mavitamini. Za masiku amenewo ndimakumbukira thukuta ndi kusanza basi.

Nditatuluka sindinabwerere kwathu. Ndinakhala kwa Bana Mwape, ndikugona ndi adzukulu awo, ndikudya pa nthawi yake ngati mwana wa sukulu. Njira yodutsa kuseri kwa msika ndinaisiya, ndinkazungulira kutali ngakhale kuli matope. Anzanga a kachasu sindinakangane nawo, ndinangosiya kuima akandiitana. Masana ndinkakhala patebulo la Bana Mwape, ntchito yanga kusankha nyemba ndi dzanja lamanzere, imodziimodzi, kuchotsa timiyala. Poyamba ndinkachita kuyang'ana kuti ndidziwe ngati ndagwira. Iwo ankauza makasitomala kuti alemba wantchito wa ku Ulaya.

Ndinagwanso kamodzi, ndisakubisireni. Panalibe chifukwa, linali tsiku wamba, lotentha. Bana Mwape anandipeza, anandisambitsa, m'mawa mwake anandiperekezanso kukiliniki. Anangoti, "Tayambanso." Mukagwa, musawonjezere bodza pamwamba pake. Mukauze munthu tsiku lomwelo.

Kwa Ba Sitali ndinapita ndekha kukapepesa za ukwati uja ndi zina zonse. Anandimvetsera mpaka mapeto, n'kundiuza kuti pampando wanga pali kale munthu wina, mayi wotchedwa Luyando, ndipo sangamuchotse. Anachita bwino. Musayembekezere kuti dziko linaima kukudikirani.

M'mawa uliwonse ndinkaimba zingwe zinayi zija popanda zala, kupita, kubwera. Poti ndi zimene ndinali nazo, ndinayamba kupekera zomwezo. Ndinapeka nyimbo ya chelo cha mawu anayi ndi mawu a azimayi, ndipo oimba ake anali amai a pamsika omwe aja. Tinkakonzekera Lamlungu masana m'nyumba ya amai. Ba Sitali anabwera kudzamva, anakhala pachigubu cha madzi, ndipo pomaliza anati tikaiimbe m'tauni. Tinakaiimba. Bana Mwape anakana kuvula juzi yawo ya pamsika.

Miyezi inapita, yambiri. M'mawa wina ndinayesa kukanikiza chingwe chaching'ono, chija chowonda ngati waya, ndi chala cholozera. Chinandicheka. Ndinachotsa chala msanga, n'kuchiika m'kamwa, kenako ndinaima chilili. Chinandiwawa, abale. Ndinakanikizanso dala, kawiri, katatu, kuti chindiwawenso. Ndinathamangira kumsika chala chili m'mwamba.

"Bana Mwape, chibaba! Chikumo chibaba!"

"Manje usekelela chani, iwe chipuba?" anatero, kundinena chitsiru m'Chibemba chawo, koma anasiya kasitomala ataima n'kundikumbatira.

Chala chapakati chinatsatira patapita nthawi. Ndinadikira zinazo. Ndinasankha nyemba, ndinamwa mavitamini, ndinapemphera, ndinasala kudya mpaka adokotala anandikalipira. Lero ndimaimba ndi zala ziwiri. Ndinaphunzira kuthamangitsa dzanja m'mwamba ndi m'munsi kuti ziwirizo zigwire ntchito ya zinayi, ndipo nyimbo zanga zatsopano ndimazipeka molingana ndi zimenezo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ntchito ndimapeza, ndimadya, ndimaphunzitsa. Mowa sindinaulawenso, ndipo ndikuthokoza Mulungu.

Koma sindikufuna muchoke pano mukuganiza kuti zonse zimabwerera. Pali nyimbo ina imene ndinapeka ndili bwino, yabwino kuposa zonse zimene ndinapekapo, yothamanga, yofuna zala zonse zinayi. Chaka chatha gulu la Ba Sitali linaiimba masana ena m'holo ya m'tauni, ndipo anandiitana ngati mwini nyimbo. Anandikhazika kutsogolo. Luyando anaiimba bwino kwambiri, sanaphonye paliponse. Ine ndinakhala pamenepo dzanja lili pabondo, zala ziwiri zikuyenda zokha pasiketi kutsatira nyimbo, ziwiri zitangogona. Ndinachita nsanje yoopsa. Ndinamuda mayi wosalakwa uja, ndinadzida ndekha. Anthu ataimirira kuomba m'manja, ine ndinalephera kuimirira. Misozi imene inakana kumanda a amai, imene inakana pakona paja ndili ndi ufa kumaso, inabwera pamenepo, pamaso pa anthu ovala masuti, chifukwa cha zala. Ndinachita manyazi kuti ndikulirira zala osati amai. Koma itayamba sinasankhenso, inalirira onse.

Nditafunsa adokotala komaliza, anandiuza kuti papita nthawi yaitali, ndisadikirenso. Ndikanapita chaka chimene patapata anandivuka osamva, mwina bwenzi tikunena zina.

Ndiye inu amene mapazi ayamba kuchita dzanzi, inu amene ndudu imakupsererani m'zala osamva, inu amene mwana wanu akalira mumangomuyang'ana, Lolemba m'mawa mupite. Mupeze munthu wokuperekezani. Umboni wanga wathera pamenepa, Ambuye akusungeni nonse. Koma ndisanakhale pansi, ndikweza dzanja kuti a kumbuyo muone bwino.

Izi ziwiri Mulungu anandibwezera. Izi ziwiri ndinamwa.